Ndangofika: Kuphunzira "just" Kudzera m'Chichewa

[Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Inu nonse amene mwatchera khutu madzulo ano, kuyambira pa boma la Chadiza mpaka kwa Mlolo, kwa Mwangala, kwa Zingalume, ndi inu a ku Chanida amene mukuyang'anizana ndi dziko la Mozambique, yakwana nthawi ya Chingerezi. Ana a sukulu, tengani kope ndi cholembera. Makolo, musachoke, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza inunso. Ndili ndi aphunzitsi athu a masiku onse, amene anagwira choko zaka zambiri ndipo tsopano anapuma. Inenso ndinadutsa m'manja mwawo. Mwaswera bwanji, bambo?

APHUNZITSI: Ndaswera bwino mwananga, kaya iwe? Undikhululukire, ndikupumira m'mwamba. Ndangofika.

WOULUTSA: Palibe kanthu bambo, khalani pansi mupume.

APHUNZITSI: Ayi, tiyambire pomwepo, pa mawu amene ndanenawo. Ndati chiyani?

WOULUTSA: Mwati mwangofika.

APHUNZITSI: Tanena m'Chingerezi.

WOULUTSA: I have just arrived.

APHUNZITSI: Eya. Phunziro la lero lagona pa kamawu ako ka pakatiko, "just". Kali ndi malembo anayi okha, j, u, s, t, koma mukatsegula wailesi ya Chingerezi kapena kumvetsera anthu akucheza mu ofesi, simutha mphindi ziwiri musanakamve. A galamala amakatcha muonjezi, chifukwa kamaonjezera tanthauzo pa mneni kapena pa mawu ena. Chimene ndabwera nacho ndi ichi: mwana wa Chichewa ali ndi mwayi pa kamawu aka umene ophunzira a m'maiko ambiri alibe, koma sadziwa kuti ali nawo, poti palibe amene anamuuza.

Tiyeni tigawe mawu akuti "ndangofika" ngati mmene timagawira nzimbe, mfundo ndi mfundo. "Nd" ndiye ine. "A" akusonyeza kuti ntchito yachitika. "Ngo" ndi kamphatikiri ka m'kati. "Fika" ndiye tsinde la mneni. Tsopano ikani Chingerezi pambali pake. "I", ine. "Have", ntchito yachitika. "Just", ngo. "Arrived", fika. Mwaona? Zigawo zinayi uku, zigawo zinayi uko, ndipo zandandalikana mofanana. Pamene m'Chichewa mwaika "ngo", m'Chingerezi ikani "just". Ndangodya, I have just eaten. Wangotuluka, she has just gone out. Mvula yangoyamba, the rain has just started. Ana amafunsa kawirikawiri kuti "just" aikidwe pati m'chiganizo. Ena amalemba "I have arrived just", ena "Just I have arrived". Lilime lanu likudziwa kale yankho. Kodi munamvapo munthu akunena kuti "ndafikango"?

WOULUTSA: Ayi, bambo. Ngakhale mwana wongophunzira kuyankhula sanganene choncho.

APHUNZITSI: Ndiye musamutaye mwanayo mukalowa m'kalasi la Chingerezi.

Kuti muone kukula kwa mwayi wathu, tiyeni tipite kutali pang'ono, ku China. Anthu a ku China si achilendo m'dziko muno. Maiko awiriwa anayamba ubale mu Okutobala 1964, Zambia itangolandira ufulu. Pakati pa 1970 ndi 1975 Matchaina ambiri anagwira ntchito limodzi ndi anthu a ku Zambia ndi Tanzania pomanga njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, yochokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi. Lero timakumana nawo m'masitolo a ku Lusaka ndi ku Chipata, pa ntchito za misewu, ndipo kuyambira 2010 pa University of Zambia pali Confucius Institute yophunzitsa chinenero chawo. Tikakumana nawo, mlatho wathu umakhala Chingerezi, chimene iwo ndi ife tonse tinachita kuphunzira. Kwawoko ana ambiri amachiyamba m'chaka chachitatu cha pulayimale.

Mwana wa ku China akakumana ndi "just", amapeza kuti m'chinenero chake cha Mandarin kamawuka kagawanika m'mawu angapo osafanana konse. Akafuna kunena kuti ndangofika, amati "wo gang dao". "Gang" ameneyo ndi wa nthawi. Akafuna kunena kuti ndikungofuna madzi, amati "wo zhi yao shui". "Gang" wachoka, pabwera "zhi". Akafuna kunena kuti chinthu chakwana ndendende, amati "zheng hao". Palinso kena, "jiu", kamene kali ndi ntchito zakezake zambiri. Ndiye madikishonale awo amachita kumulembera mndandanda: apa "just" ndi gang, apa ndi zhi, apa ndi zheng hao. Kuonjezera apo, mneni wa Mandarin sasintha maonekedwe potsata nthawi. Kudya ndi "chi", kaya ndi dzulo, lero kapena mawa. Choncho kusiyana kwa "eat", "ate" ndi "have eaten" kumamutengera nthawi. Ife mneni wathu amasinthasintha tsiku lonse: ndadya, ndinadya, ndimadya, ndidzadya. Ndipo "ngo" wathu mmodzi yemweyo amanyamula katundu wa gang ndi wa zhi. Ndangofika. Ndikungofuna madzi.

WOULUTSA: Ndiye kuti tanthauzo lachiwiri ndi limenelo, la "chabe"?

APHUNZITSI: Ndi limenelo. Loyamba ndi la nthawi: chinthu chachitika posachedwa, kumene. Lachiwiri ndi la kuchepetsa: chabe, basi, zokhazo. I just want water, ndikungofuna madzi. It is just a scratch, ndi kachilonda chabe. Mayi akapita ku chipatala ndi mwana, namwino n'kunena kuti "It is just a cough", akutanthauza kuti ndi chifuwa chabe, mtima ukhale pansi. Apa "just" ndi m'bale wake wa "only", ndipo nthawi zambiri mukhoza kuchotsa wina n'kuikapo mnzake.

Koma pano ndiime kaye, chifukwa pali chinthu chimene chimandiwawa. M'makalata opempha ntchito amene achinyamata amabwera nawo kuti ndiwakonzere, ndimapeza mawu ngati awa: "My parents are just farmers." Kapena pa msonkhano, bambo wamkulu amene amadyetsa anthu khumi ndi khasu lake amaimirira n'kuyamba ndi "I am just a villager." Ndikudziwa kumene zikuchokera. Kwathu kudzichepetsa ndi ulemu, ndipo munthu akati "ndine mlimi chabe" tonse timamva kuti akupereka ulemu kwa amene akumumvera. Koma wowerenga kalata ya Chingerezi ku Lusaka samva ulemuwo. Amamva kuti wolembayo akuona ulimi ngati chinthu chopanda pake. Chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa zimene zimatuluka m'boma lino sizilimidwa ndi anthu achabe. Lembani kuti "My parents are farmers", n'kuika mpumiro. Chiganizocho n'chokwanira.

WOULUTSA: Nanga munthu akafunsidwa kuti "How are you?" n'kuyankha kuti "I am just okay"? Timamva zimenezi tsiku ndi tsiku.

APHUNZITSI: Wafunsa bwino. Kuno ku Zambia tonse timamvana. Munthuyo watenga "ndili bwino chabe" n'kumuveka malaya a Chingerezi, ndipo akutanthauza kuti palibe vuto lililonse. Pakati pa ife tokha, palibe mlandu. Koma munthu wa ku London kapena ku New York akamva "just okay", amamva kuti zinthu zili pakatikati, si zoipa koma si zabwinonso, ngati mmene timanenera kuti "choncho" kapena "pang'ono". Akhoza kukufunsa kuti chavuta n'chiyani. Ngati uli bwinodi, nena "I am fine" kapena "I am very well". Chodabwitsa n'chakuti "I am just fine" amamveka bwino kwa iwo, kutanthauza kuti ndili bwino ndithu. Kusiyana kwake kwagona pa tanthauzo lachitatu, limene ndilo lakale kuposa onse.

[Kanyimbo kakafupi]

APHUNZITSI: Tiyeni tipite pa msika wa pa Chadiza. Mayi akugulitsa mtedza. Watenga meda, wathira mtedza, wagwedeza kuti ukhazikike, wathiranso, kenako wadutsitsa dzanja pamwamba kuti ufanane ndi mlomo wa meda. Sunachepe, sunasefukire. Wogula wayang'ana, wakhutira. Muyeso umenewo, wokwana ndendende, ndiye muzu wa "just". Mawuwa analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, "juste", ndipo Chifalansa chinawatenga ku Chilatini, "iustus", kutanthauza cholungama, chotsata lamulo. N'chifukwa chake mpaka lero "a just man" ndi munthu wolungama, ndipo chilungamo ndi "justice", monga mu dzina la Ministry of Justice. Pamenepo "just" ndi mfotokozi, osati muonjezi. Koma onani mmene ziwirizi zikugwirizanirana. Muyeso wolungama ndi muyeso wokwana ndendende. Cha m'ma 1400 Angerezi anayamba kugwiritsa ntchito "just" ngati muonjezi wotanthauza ndendende. Matanthauzo a "chabe" ndi a "posachedwa" anadzakhazikika pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1600.

Ndiye mukamva "This shoe is just right", nsapato yakwana ndendende. "She looks just like her mother", wafanana ndi mayi ake ndendende, ngati anachita kulavula. "That is just what I wanted", n'chimenechodi ndimafuna. Apa "ngo" wathu satithandiza kwenikweni. Apa itanani "ndendende", "zedi", kapena "di". Ndipo "just fine" uja ali m'banja lomweli.

WOULUTSA: Bambo, apa ndasokonezeka pang'ono. Mlimi wapita ndi thumba la chimanga ku depoti ya FRA, bungwe logula chimanga, kalaliki waika pa sikelo n'kunena kuti "It is just 50 kg." Akunena kuti ndi makilogalamu 50 ndendende, kapena 50 chabe?

APHUNZITSI: Funso limenelo ndi la ndalama, ndiye tiliyankhe mosamala. M'Chingerezi cha masiku ano, "just" akaima kutsogolo kwa nambala, kawirikawiri amatanthauza chabe. "Just 50 kg" ndiye kuti wonenayo akuona kuti n'zochepa. "Just ten kwacha" ndi wogulitsa amene akukuuza kuti mtengo ndi wotsika. Ngati mukufuna kunena kuti muyeso wakwana osachepa osapitirira, pali mawu ake osasokoneza, "exactly". "Exactly 50 kg." Polemba pangano, lisiti, kapena kalata ya ngongole, musalembe "just" pafupi ndi nambala. Lembani "exactly" ngati ndi ndendende, "only" ngati ndi chabe. Mawu a matanthauzo awiri ndi abwino pocheza, koma pa pepala la ndalama amabala milandu.

Palinso "just over" ndi "just under". Thumba likalemera "just over 50 kg", lapitirira pang'ono. "Just under", latsala pang'ono kukwana. Chimodzimodzi "just after ten", teni koloko itangodutsa, ndi "just before ten", itatsala pang'ono kukwana. Wamva "ngo" wabweranso mu "itangodutsa"? Samapita kutali.

Kuchokera pamenepo timafika pa tanthauzo la "movutikira", la "pang'onong'ono". Munthu wathamangira minibasi ya ku Chipata, wafika pa siteji n'kuona fumbi lokha. "I just missed it." Yangomusiya, pang'ono pokha akanaipeza. Mnzake waipeza ikunyamuka, kondakitala wamukoka dzanja. "I only just caught it." Mwana wakhoza mayeso pa malire penipeni, "he only just passed". Chakudya changokwanira, osatsalako, "just enough". Onani kuti muyeso uja wa meda ukadalipo, kungoti tsopano tikuyang'ana pa mlomo penipeni, pamene kambewu kamodzi kakhoza kugwa kapena kukhala.

WOULUTSA: Tsopano tifike pa amene anthu ambiri akumuyembekezera, "just now".

APHUNZITSI: Aa, ameneyo. Ndikuuze zimene zinandichitikira ndili mnyamata, nditangomaliza kosi ya uphunzitsi. Ndinapita ku ofesi ina kukasainitsa mapepala. Ndinafika m'mawa, mame asanaume. Mesenjala anandiuza kuti, "The officer is coming just now." Ine ndinali nditaphunzira m'buku kuti "just now" ndi nthawi yomwe ino kapena kanthawi kapitako, ndiye ndinakhala pa benchi, chikwama pa maondo, osayerekeza kupita ngakhale kukagula chinangwa chootcha kuseri kwa mpanda. Dzuwa linafika pa liwombo. Mthunzi wa mtengo wa mango unachoka pa benchi n'kupita ku khoma. Bwanayo anafika dzuwa litapendeka. Mesenjalayo sananame. Iye ndi ine tinali kuyankhula Zingerezi ziwiri zosiyana.

Ku Britain, "just now" ali ndi matanthauzo awiri. Ndi mneni wa nthawi yapita, amatanthauza kanthawi kapitako: "I saw him just now", ndamuona posachedwapa. Ndi mneni wa nthawi ino, amatanthauza pakali pano: "She is busy just now", watanganidwa pakali pano. Koma kum'mwera kwa Africa kuno, "just now" anapeza tanthauzo lina: nthawi ina kutsogoloku, mwina posachedwa, mwina ayi. Akatswiri a Chingerezi cha ku South Africa amalozera ku Chiafrikaans, chinenero cha amishoni a Dutch Reformed amene anatsegula Magwero mu 1899, kenako n'kudzafika ku Nsadzu kwathu kuno. M'chinenero chimenecho muli mawu akuti "netnou". "Net" ndi "just", "nou" ndi "now", ndipo "netnou" akhoza kuloza kumbuyo kapena kutsogolo. Mulinso "nou-nou", amene anabala "now now". Agogo athu ambiri anayenda ulendo wa ku Joni ndi ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo mpaka pano ana athu ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Amene anakhalako akudziwa kuti bwana akati "now now" ndiye kuti posachedwa, akati "just now" ukhoza kukaphika nsima n'kudya. Ku Lusaka amati "manje manje". Ifenso tili ndi "pompano", amene amatha kutalika mpaka madzulo.

WOULUTSA: Ndiye mwana alembe uti pa mayeso?

APHUNZITSI: Pa pepala la Examinations Council of Zambia, tsatani Chingerezi cha m'buku. "Just now" akhale wa kanthawi kapitako kapena wa pakali pano. Ngati mukunena za kutsogolo, lembani "soon", "shortly", kapena "in a moment". Sindikunena kuti Chingerezi chathu cha kuno n'chonyansa, ayi. Chili ndi eni ake, ndipo chimagwira ntchito pa msika, mu basi ndi pa foni. Koma munthu adziwe nsapato ya kumunda ndi nsapato ya ku tchalitchi. Ndipo taganizira injiniya wa ku China amene anaphunzira kwawo kuti "just now" ndi "gangcai", kutanthauza kanthawi kapitako. Wafunsa dalaivala kuti mchenga uli kuti, dalaivala wayankha kuti "I will bring it just now." M'mutu mwa injiniyayo chiganizocho chikumenyana chokha: "will" akuloza kutsogolo, "just now" akuloza kumbuyo. Anthu awiri akhoza kukwiyitsana tsiku lonse, wina n'kumati mnzanga ndi waulesi, wina n'kumati mnzanga ndi wovuta, pamene cholakwa ndi mawu awiri okha. Dalaivalayo akanati "at two o'clock", nkhani ikanatha.

[Kanyimbo kakafupi]

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya Chingerezi, ndipo lero tikukambirana za "just". Bambo, mwatamanda "ngo" kwambiri. Kodi palibe pamene amatisocheretsa?

APHUNZITSI: Alipo malo, ndipo ndi bwino tiwadziwe. Tikati "mwanayu amangodwaladwala", ana amalemba "This child is just getting sick." Mngerezi pamenepo sagwiritsa ntchito "just". Amati "This child keeps falling ill." "Akungolira" nthawi zina ndi "she keeps crying". Ndiye "ngo" wa kubwerezabwereza, wa chinthu chosaleka, Chingerezi chake ndi "keep". Mukafuna kutsindika mukhoza kuphatikiza, "she just keeps crying", koma "keep" asasowe.

Malo ena ndi olemera, ndipo ndiwanena mwaulemu. Uthenga wa maliro. M'Chichewa timasiyanitsa bwino lomwe. "Bambo angomwalira kumene" ndi uthenga wa nthawi: zachitika posachedwa. "Bambo anangomwalira" ndi nkhani ina: sanadwale, zinangochitika mwadzidzidzi. M'Chingerezi, woyamba ndi "My father has just died." Koma ukalemba "My father just died", wowerenga akhoza kumva zonse ziwiri. Chifukwa chake n'chakuti anthu a ku America amakonda kusiya "have" n'kunena "I just ate", "he just left", pamene a ku Britain amakonda "I have just eaten", "he has just left". Mafilimu ndi Facebook zadzaza Chingerezi cha ku America m'makutu mwa ana athu, ndipo si cholakwika. Koma masukulu athu amatsata cha ku Britain, ndiponso "has just" sasiya chikayiko. Polembera akulu a kuntchito kupempha tchuthi cha maliro, lembani "has just died" kapena "has just passed away". Ngati mukufuna kunena za imfa yadzidzidzi, mawu ake ndi "suddenly".

Pali ntchito inanso imene "ngo" ndi "just" amayendera limodzi ngati mapasa, ndiyo yofewetsa kapena kulimbikitsa pempho. Ingobwerani, just come. Tangoyesani, just try. Tangodikirani pang'ono, just a moment. Mlendo akuchita manyazi pa khomo, timati "ingolowani", iwo amati "just come in". Koma samalani ndi liwu. "Just sit down" wonenedwa mofatsa ndi kulandira mlendo. Wonenedwa mokweza ndi kukalipa, chimodzimodzi "tangokhala pansi!" wa mayi amene watopa ndi mwana. Kwa munthu wamkulu, onjezani "please".

Otsalawa ndingowatchula mwachangu, muwalembe. "Just about to", kutsala pang'ono kuchita: "I was just about to leave", ndinatsala pang'ono kunyamuka. "Just in case", kuchitira mwina: tenga ambulera, "just in case it rains". "Just as", pa nthawi yomweyo: "just as we finished planting, the rain came", titangomaliza kubzala, mvula inagwa. "Not just", osati chokhacho: pa Kulamba ku Mkaika sipabwera Achewa a ku Zambia okha, "not just from Zambia", komanso a ku Malawi ndi ku Mozambique, onse kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

WOULUTSA: Nanga katchulidwe? Ambiri timati "jasiti".

APHUNZITSI: Timatero chifukwa phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Lilime lathu silikonda kuima pa "s" kapena pa "t", ndiye limaikapo "i" kuti lipumirepo. N'chifukwa chake "school" anasanduka sukulu ndipo "book" anasanduka buku. Anzathu a ku China ali ndi vuto lofanana, poti m'Mandarin phatikizo limathera pa lembo la liwu, pa "n", pa "ng", kapena pa "r" nthawi zina, koma osati pa "st". Iwonso amaonjezera kaliwu kumapeto. Mankhwala ake ndi amodzi. "Just" ndi phatikizo limodzi, kuomba m'manja kamodzi. Yambani ndi "ja", kenako tulutsani mpweya ngati mukuthamangitsa nkhuku, "sss", n'kutseka ndi nsonga ya lilime kuseri kwa mano. Tayesa.

WOULUTSA: Just.

APHUNZITSI: Bwerezanso, usatsegule pakamwa pomaliza.

WOULUTSA: Just.

APHUNZITSI: Wakhoza. Ndipo mukamamvera eni chinenero akuyankhula mothamanga, "t" uja amamezedwa pamene mawu otsatira ayamba ndi lembo lopanda liwu. "Just now" amamveka ngati "jas nau". Musadabwe, ndi mawu omwewo.

Ndisanatseke buku, ndinene kwa aphunzitsi anzanga amene akali m'kalasi. Mu 1966 dziko lino linasankha kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1. Mu 2014 zinasintha, ana a Giredi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzira m'zinenero za kwawo, kuno kum'mawa Chinyanja. Ndaphunzitsa pansi pa malamulo osiyanasiyana, ndipo ndinakhalapo pa sukulu ina pamene mwana wogwidwa akuyankhula Chichewa ankavekedwa chikwangwani m'khosi mpaka atapeza mnzake womupatsira. Inenso ndinavekapo ana chikwangwanicho, ndipo ndimamva chisoni ndikakumbukira. Ana amenewo ankangokhala chete tsiku lonse, osayankhula Chichewa, osayankhulanso Chingerezi. Tsiku limene ndinalemba "nd-a-ngo-fika" pa bolodi, pansi pake n'kulemba "I have just arrived", n'kulumikiza zigawozo ndi mizere inayi ya choko, mtsikana wina wa kumbuyo amene sankakweza dzanja chaka chonse anafuula kuti, "Aphunzitsi, ndiye n'chimodzimodzi!" Kenako anapanga yekha ziganizo zisanu, zonse zokhoza. Mphindi ziwiri za Chichewa zinagwira ntchito imene ndinalephera kuigwira milungu itatu.

WOULUTSA: Mtsikana ameneyo ndikumukumbukira, bambo. Tinkakhala desiki imodzi.

APHUNZITSI: Ndiye ukudziwa kuti sindikupeka. Tiwapatse ntchito ya kunyumba?

WOULUTSA: Apatseni. Ana, zolembera m'manja.

APHUNZITSI: Ziganizo zinayi, zitatu zoyamba muzitembenuzire m'Chingerezi. Choyamba: Basi yangonyamuka. Chachiwiri: Ndili ndi makwacha asanu basi. Mwamva kuti "basi" ali pawiri, wina ndi galimoto, wina ndi "chabe", musawasokoneze. Chachitatu: Mbuziyi imangolowa m'munda mwanga. Pamenepo ganizani kawiri musanalembe "just". Chachinayi ndi chobwerera, kuchokera ku Chingerezi kubwera ku Chichewa: "The dress is just right, but it costs just over two hundred kwacha." Muli "just" awiri m'menemo, ndipo aliyense afuna mawu akeake. Amene muli ndi agogo amene anagwirapo ntchito ku Joni kapena ku Harare, muwafunsenso kuti kapitawo akati "just now" ankadikira nthawi yaitali bwanji, mudzatiuze.

WOULUTSA: Ndibwereza pang'onopang'ono. Basi yangonyamuka. Ndili ndi makwacha asanu basi. Mbuziyi imangolowa m'munda mwanga. Ndipo chomaliza, "The dress is just right, but it costs just over two hundred kwacha." Mayankho tidzawerenga sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino, pamene tidzatenge mawu ena awiri amene amavutitsa ana pa mayeso, "still" ndi "yet". Muyende bwino, kunja kwada.

APHUNZITSI: Njinga ili ndi nyale.

[Nyimbo yotsekera]